Maswiti Amene Anakana Kusungunuka

Bokosi linali langa, zimenezo sindikanakana. Riboni yobiriwira ndinamanga ndekha Lachisanu m'mawa, ndipo kapepala ka pamwamba, kolembedwa kuti "Keto ya Keziah. Mulibe shuga. Sungani mufiriji," ndinamata ndi chala changa chomwechi. Tsopano linali Lolemba masana, ndipo bokosilo linali pa desiki kupolisi, pakati pa ine ndi mayi wina wojintcha, wometa tsitsi, amene anati ndi Sajeni Mwape.

"Ba Nicodemus a ku Woodlands muwadziwa?" anafunsa osandiyang'ana.

"Niwadziwa, ba Sajeni. Adwala shuga. Akazi awo, ba Martina, ndiwo amaoda maswiti kwa ine Lachisanu lililonse."

"Ali m'chipatala kuchokela Loweluka. Anakomoka pa sofa. Dokotala ati anadya chinthu chodzala shuga, ndipo ba Martina ati chinthucho ni ichi." Anagogoda bokosi ndi cholembera. "Ati munawanamiza. Ati munawagulitsa imfa yomanga riboni."

Destiny, mwana wanga, ndinali nditamubereka, ndipo chitenje chinali chitanyowa, osadziwa ngati thukutalo ndi lake kapena langa. Mawu a ba Martina ndinali nditawamva kale. Anadzijambula pa foni Lamulungu atachoka kutchalitchi, n'kutumiza ku gulu la amayi a ku Woodlands ndi Kabulonga, gulu lomwelo limene munali makasitomala anga onse. Dzina langa analitchula pang'onopang'ono, kuti aliyense alimve bwino. Pofika Lolemba m'mawa panalibe amene ankafunanso maswiti anga. Mayi wina anangonditumizira kachithunzi ka bokosi la maliro.

"Amai, ine nilibe tsiku lonse," anatero Sajeni. "Mawa m'mawa nkhani iyi ipita kwa abwana na dzina la munthu pamwamba. Manje dzina lili pamwamba ni lanu. Muikamo chani mu maswiti anu?"

Ndinafotokoza. Nsawa ndimagula ku msika wa Soweto, ndimakazinga ndekha, ndimapera ndekha mpaka zikhale chiponde, chifukwa chiponde cha m'sitolo chambiri amathiramo shuga. Ndimasungunula mafuta a kokonati, n'kusakaniza ndi koko wa ufa, wowawa uja, chiponde, kamchere, ndi madontho a stiviya, timadzi totsekemera ta masamba timene sitikweza shuga m'magazi. Ndimathira m'timakapu ta pepala n'kuika mufiriji kuti alimbe. Anthu a keto sadya shuga kapena zaufa, ndiye maswitiwa ndi amene amawaziziritsa mtima akaona anzawo akudya keke. M'nyumba mwanga shuga mulibe n'komwe. Mwamuna wanga Saul amasunga wake m'kabotolo m'galimoto, ngati fodya wobisa.

Sajeni anatsegula bokosi. Munatsala maswiti atatu. Anawayang'anitsitsa, kenako anayang'ana fani imene inangoti duu kudenga chifukwa magetsi kunalibe.

"Kapepala kanu kati mufiliji. Nanga akakhala panja?"

"Amasungunuka. Mafuta a kokonati sapilila. Nthawi yotentha ino, ukagwila switi yanga ifika pakamwa itatsala theka."

"Mwandi, bokosi ili lili pa desiki langa kuchokela m'mawa. Ine nasungunuka. Aya ali chilili."

Ndinatenga imodzi. Inali gwa ngati sopo watsopano. Ndinaluma kam'mbali, ndipo kutsekemera kunandimata m'kamwa mpaka kukhosi. Kuwawa kwa koko kunalibe, ndipo nsawa zake sizinali zokazinga ndi manja anga.

"Si anga awa."

"Aliyense wokhala pa mpando uwo amakamba so. Kuchoka kwanu ku Chelstone kufika ku Woodlands, bokosi ananyamula ndani?"

Ndinazengereza. "Atate ake Destiny. Amuna anga."

"Amangopita ku Woodlands chabe?"

"Ayambila ku Kabulonga. Ku jimu. Kwa Melanie."

Sajeni anakweza maso, koyamba kundiyang'ana bwinobwino. "Dzina ilo mwalitchula ngati mwaluma mwala mu mpunga," anatero. Anatseka bokosi n'kulipanira m'khwapa. "Tiyeni."

* * *

Galimoto ya polisi inali itatuluka, ndiye tinakwera takisi. Tisanafike patali, Sajeni anaimbira Saul n'kukweza mawu a foni kuti nane ndimve. Anandiopseza ndi chala kuti ndikhale chete.

Mawu a Saul a pa foni ndimawadziwa. Ndi amene amagulitsira mapanelo a sola ku Kamwala, osalala ngati mafuta odzola.

"Ba ofisa, choyamba niyamike ntchito imene mugwila. Lachisanu ninachoka ku Chelstone m'mawa, ninasiya mabokosi ku jimu, ndiye kwa ba Nicodemus. Basi. Ine nimangothandiza amai a kunyumba."

"Ba Martina ati munafika cha m'ma sikisitini, dzuwa litapendeka."

"Jamu ya magalimoto, ba ofisa. Muidziwa Lusaka pa Lachisanu."

"Kuchoka ku Kabulonga kupita ku Woodlands? Ambuya anga angayende na ndodo n'kufika tiyi asanazizile."

"Ninadutsila mu tauni. Za ntchito."

"Musazime foni," anatero Sajeni, n'kudula.

Ine ndine munthu woyang'ana. Sindifunsa, ndimangoyang'ana. Kwa miyezi ingapo ndinkaona kuti Lachisanu Saul amavala shati yake yabuluu, ngakhale nditasita ina. Ndinkaona kuti madzulo ake mpando wa pambali pa woyendetsa umakhala utakankhidwira kumbuyo, kutali kwambiri kuposa mmene miyendo yanga yaifupiyi imafunira. Loweruka m'mawa ndinkanamizira kukatenga nsapato ya mwana m'galimoto kuti ndinunkhize lamba wa mpandowo. Ndipo usana wonse, Destiny akagona, ndinkatsegula zithunzi za Melanie, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi ku jimu, amene ankagulira ophunzira ake maswiti anga. Ndinkakulitsa ndi zala mimba yake yosabereka ija, miyendo yake yaitali, mano ake, mpaka foni kutentha.

Zonsezi ndinkauza munthu mmodzi yekha, Miyanda, mnzanga wa kusukulu ku Libala, amene anandigwirira maluwa pa ukwati wanga. Iye ankandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pemphela chabe, sisi. Mdani amalowela m'maganizo."

Ndinkapemphera, koma mpando unkasunthabe.

* * *

Melanie tinamupeza akupukuta khosi ndi kathaulo, atavala zothina zimene ine sindingavale ngakhale ndili ndekha m'chipinda. Pamaso anali wokongola kuposa pa foni, ndipo ndinadana naye kwambiri chifukwa cha zimenezo.

"Ndiwe Keziah? Bebi, sole, namva zija atumiza ba Martina. Makilayanti anga onse ali mu shoko."

"Ba Saul munawaona Lachisanu?" anafunsa Sajeni.

"Saul ni ndani?"

"Amuna anga," ndinatero. "Amene amabweletsa maswiti."

"Oo, uja wa kagalimoto kasiliva? Sindimudziwa na nkhope, bebi. Satsika. Amaliza hutala pa geti, ba gadi ndiwo amalandila." Anandiyang'ana kuyambira pa nsapato mpaka pa duku, ndipo anamvetsa. Anaseka, osati mwankhanza, zimene zinali zoipa kuposa nkhanza. "Iwe, unali kuganiza kuti ine? Ine nimadzuka na madambelo, visulo vonyamula vija, nimagona na madambelo. Amuna a eni nilibe nawo taimu."

Ndinachita manyazi, koma pansi pa manyaziwo panali kaukali kena kopusa, koti mkaziyu mwamuna wanga sanamuone n'komwe ngati chinthu choyang'ana.

"Maswiti a Lachisanu alipo otsala?" anafunsa Sajeni.

Melanie anatsegula kafiriji ka pakona n'kutulutsa bokosi la riboni yobiriwira. Sajeni anatenga switi imodzi, ndipo asanaifikitse pakamwa inali itayamba kale kumuyenderera m'zala. Analawa, n'kukwinya nkhope.

"Anthu amagula ichi?"

"Amazolowela," ndinatero.

"Ni anu?"

"Ni anga."

"Ndiye pano anafika ali anu. Asinthila kutsogolo."

Mlonda wa pa geti anali mkulu wa imvi wa ku Katete, wolankhula modekha ngati akuwerenga Mawu m'tchalitchi.

"Ine ntchito yanga ndi kuona zolowa ndi zotuluka, bwana. Mnyamata ameneyo anabwera m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha. Anandipatsira mabokosi pa windo. Pa mpando wakumbuyo panatsala chibokosi chija chosungira zozizira."

"Anali yekha?"

"Yekha, koma anali pa foni. Akuseka mpaka kumenya chiwongolero."

"Anakamba chani?"

"Ine sindimvetsera za eni, bwana." Anakanda chibwano. "Koma windo linali lotsegula. Anati, ndafika kale, usakhome."

Destiny anayamba kudandaula kumbuyoku. Ndinamugwedeza mwamphamvu kuposa mmene ankafunira.

"Anakhotela kuti?" anafunsa Sajeni.

"Ku Woodlands ndi uku," anatero mkuluyo, akuloza kumanzere ndi ndodo yake. Kenako anaitembenuzira kumanja, njira ya ku tauni. "Iye analowera uku. Ndipo musandifunse za Lachisanu limeneli lokha, bwana. Lachisanu lililonse amalowera komweko."

* * *

Tinabwerera m'takisi osadziwa kolowera. Woyendetsa ankatiyang'ana pa kagalasi, akudikira. Ndinamasula Destiny n'kumupatsa bere kuti atonthole, ndipo bokosi lija la kupolisi linali pa mpando pakati pa ine ndi Sajeni.

"Tauni ni yaikulu, amai," anatero Sajeni. "Ni ndani amene amuna anu angamuuze kuti usakhome? Mlongo wawo? Amai awo?"

"Onse ali ku Chongwe."

Manja anga akachita mantha amafuna chogwira. Ndinatenga switi ndinailuma ija n'kuyamba kusenda kakapu kake ka pepala. Kakapuko kanali kanga, koma sikanamatirire monga kamachitira ukathiramo chokoleti chamadzi. Kanangovuka. Switiyo inapangidwira kwina, n'kuikidwamo italimba kale.

Ndinaitembenuza. Kunsi kwake kunali duwa.

Maswiti anga ndi osalala, alibe duwa. Munthu anali ataika awa chadodolido, duwa pansi, kuti lisaoneke. Ndinasenda yachiwiri: duwa. Ndinasenda yachitatu, ndipo duwa lake linali lopunduka, mbali imodzi yophwatalala ngati wina analidinda ndi chala.

Bere linapulumuka m'kamwa mwa mwana, ine osamva.

Ndikuyamba kuphunzira ntchitoyi ndinagula chikombole cha labala cha maluwa ku Kamwala. Tsiku lina ndinachisiya pafupi ndi mbale ya sitovu, kona imodzi inapsa, duwa limodzi n'kupunduka. Nditaona kuti timakapu ta pepala tikundiyendera bwino, chikombolecho ndinachipereka kwa munthu amene amaphika makeke a maukwati. Munthu wamtali, amene kukwaya amaimirira mzere wakumbuyo kuti asatchinge anzake.

"Mwaona mzukwa?" anafunsa Sajeni.

"Ba dalaiva," ndinatero, "tiyeni ku Kabwata. Ku mafulati."

* * *

Miyanda anatsegula chitseko atavala sikipa ya msonkhano wa amayi, manja ali ufa okhaokha.

"Sisi Keziah, Ambuye ni wabwino, nangomaliza kumene kukupemphelela." Kenako anaona yunifomu kumbuyo kwanga, ndipo kumwetulira kwake kunangouma pomwepo, osachoka.

"Ndinu ba Miyanda?" Sajeni analowa osadikira kulandiridwa. "Lachisanu munali kuti?"

"Ku mapemphelo a kusala, ba ofisa."

"Tsiku lonse?"

"Mzimu ukatsika sitiyang'ana wotchi."

"Chabwino. Muzanipatsa nambala ya abusa."

Khitchini ya Miyanda ndimaidziwa ngati yanga, ndatsukamo mbale, ndaliramo. Ndinapita molunjika pa kabati ya pansi pa sinki, ndinasuntha mathini a makeke, n'kutulutsa chikombole changa. M'makwinya a maluwa munali mutatsalira chokoleti. Ndinatenga switi yopunduka ija n'kuilowetsa pa kona yopsa. Inakhala pheee, ngati dzino m'nkhama.

"Chikombole ni chikombole," anatero Miyanda. "Ku Kamwala vilipo vambili."

"Mvelani, mami," anatero Sajeni, akukhala pa mpando wa pulasitiki umene unalira pansi pake. "Mdala uja ali pa dilipi. Akachila, iyi ni nkhani ya maswiti. Akapanda kuchila, isintha dzina, ndipo dzina lake latsopano simuzalikonda. Munaikamo chani?"

Miyanda anapukuta manja pa chitenje, kenako anapukutanso, ngakhale ufa unali utachoka.

"Shuga sininaikemo. Nilumbila pa Baibulo. Ninadziwa kuti ni a munthu wodwala, sinine wopusa. Ninaika uchi. Uchi weniweni wa ku Mwinilunga, osati wa mu shopu. Uchi ni mankhwala, aliyense adziwa."

Ndinatseka maso. Ndi anthu angati amene ndawauza kuti kwa wodwala shuga, uchi ndi shuga basi, ngakhale achokere ku njuchi zopemphera?

"Nanga chokoleti?" ndinafunsa. Aka kanali koyamba kumulankhula.

"Cha makeke. Chija cha mabuloko. Chilimba msanga, ndipo tinali na changu."

"Chija theka lake ni shuga, Miyanda."

"Ine nadziwa bwanji? Chakuda. Vonse vakuda vimawawa."

"Mwati tinali na changu," anatero Sajeni. "Inu na ndani?"

Apa Miyanda anayang'ana pansi, ndipo nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Saul anaimika galimoto pansi pa mafulati n'kukwera, chibokosi chozizira n'kuchiiwala pa mpando wakumbuyo, mawindo otseka. Atatsika anapeza maswiti a ba Nicodemus asanduka supu. Anabwerera m'mwamba akuti Keziah adzandifunsa, Keziah amaona chilichonse. Ndiye Miyanda anatsuka timakapu timene tinapulumuka, anasungunula chokoleti chake, anathira chiponde cha m'botolo ndi uchi, n'kuumba atsopano. Riboni anaimanga Saul.

Ndinali ndi funso limodzi lokha, ndipo silinali la polisi.

"Mu chibokosi chija nimaikamo mabotolo a madzi oundana. Amapilila kuchoka m'mawa mpaka masana, ngakhale mu Okutobala. Kuti onse asungunuke, na maswiti omwe, galimoto inaima nthawi yaitali bwanji pansipo?"

Miyanda anakhala pa mpando. Maso ake anapita pa katani yotchinga kuchipinda, n'kubwerera msanga. Anapinda miyendo yake yaitali ija pansi pa mpando.

"Unali kunigwila dzanja," ndinatero. "Unali kuniuza kuti ni maganizo."

Ndinkayembekezera kuti alira. M'malo mwake anakweza chibwano pang'ono, n'kunena motsitsa mawu kuti Sajeni asamve bwino.

"Saul analawa imodzi asanatseke bokosi. Anati, aya ndiye maswiti."

Sajeni anamva. Anatulutsa foni n'kuimba. "Ba Saul, nili ku Kabwata na akazi anu. Bwelani manje manje." Anadula asanamve yankho.

Sipanapite nthawi yaitali, tinamva mapazi akuthamanga pa masitepe, ndipo chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Saul anaima pakhomo, thukuta lili kamukamu, makiyi m'manja.

"Kabwata ni yaikulu, ba Saul," anatero Sajeni. "Ine nambala ya chitseko sininakuuzeni."

* * *

Anapempha kuti alankhule nane pambali, ndipo Sajeni analola. Tinaima pa masitepe, pakati pa zovala za eni zoyanika. Anafuna kugwira kaphazi ka Destiny, koma ndinatembenuka.

"Amake Destiny, tikambe ngati anthu a nyumba imodzi. Nalakwa, sinikana. Tizakhala pansi, tizaitana ankhoswe, chilichonse ufuna. Koma iyi ya polisi, iyi ungaithetse iwe. Ukambe chabe kuti unasokoneza mabotolo. Munthu amalakwitsa, makamaka na mwana wakhanda. Ba Martina ni mai wopemphela, azakukhululukila."

"Nanga makasitomala anga?"

"Uzayamba china. Mafilitasi, chikanda, nizakuthandiza. Koma izi zikamveka ku chalichi, ine nili mu komiti ya amuna. Abwana anga ku ntchito ni a chalichi chomwecho. Ganizila mwana uyu, azadya chani?"

Ndinaganizira mwanayo. Ine ndimaopa zinthu zambiri: ndimaopa khoti, ndimaopa kubwerera kwa amayi ku Libala ndi sutukesi, ndimaopa amayi a kutchalitchi akamanong'onezana. Mawu akuti chabwino anali atafika kale kukhosi. Ndikanatha kunena kuti ndinatopa, ndinathira zolakwika, ndipo mawa lake tikanadzuka ngati banja.

M'kati mwa fulati Miyanda anayamba kulira tsopano, kulira kofuna kumveka. Saul ankalankhulabe nane, dzanja lake lili pa phewa langa, koma diso lake linathawira pa chitseko chija. Linabwerera kwa ine, n'kuthawiranso komweko. Ankandipempha kuti nditaye dzina langa, koma mtima wake unali pa amene akulira m'katimo.

Ndinachotsa dzanja lake pa phewa langa n'kukankha chitseko.

"Ba Sajeni, nthawi yoona odwala ikalipo?"

Sajeni anayang'ana wotchi. "Tikathamanga."

"Nifuna amuna anga akakambe okha kwa ba Martina."

* * *

Ba Martina anali atakhala pambali pa bedi, msana uli chilili, chikwama pa maondo. Anaphunzitsa sukulu moyo wawo wonse, ndipo atandiona anandiyang'ana ngati mwana wogwidwa akubera mayeso. Ba Nicodemus anali atagona, dilipi ku dzanja, maso otseka. Miyanda anatsala pa benchi panja.

"Uyu mwamubweletsela chani?" anafunsa ba Martina. "Abwela kumalizitsa?"

"Mvelani kaye, ba mami," anatero Sajeni. "Ba Saul, kambani."

Saul anayamba ndi jamu ya Lachisanu. Sajeni anatsokomola, ndipo jamu inatha. Anafotokoza za chibokosi choiwalika, za supu, za uchi, akuyang'ana matailosi. Za katani sananene, koma ba Martina sanafunikire kuuzidwa. Atamaliza, mayiwo anatembenukira kwa ine.

"Nakulakwila, mwana wanga."

Ndinali nditakonzekera kale m'takisi. "Ba mami, dzina langa munalitchula pa gulu, amai onse anamva. Nipempha amvenso izi, pa gulu lomwelo."

Ba Martina anatsegula chikwama, anatulutsa foni, anavala magalasi, anapeza gulu lija. Ndinkaganiza kuti alankhula okha. Koma anatambasula dzanja n'kuika foni pafupi ndi pakamwa pa Saul.

"Kambani inu. Muyambe na dzina lanu, na la bambo anu, ndiponso kumene munaimika galimoto. Mokweza, enawa ni okalamba."

Saul anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana dilipi. Analankhula, ndipo mawu ake ogulitsira mapanelo sanapezeke. Ba Martina anamubwezetsa pakati chifukwa anameza dzina la Kabwata. Atatumiza, foni inayamba kulira m'manja mwawo, uthenga pa uthenga. Sajeni anagwira Saul pa chigongono n'kutuluka naye, akuti iye ndi mlongo wa pa benchi uja ali ndi zolemba zambiri kupolisi.

"Martina," anatero mawu ofooka pa bedi, "mnyamata uja wamuzunza mokwanila."

Ba Nicodemus anali maso. Sindikudziwa kuti anadzuka liti.

"Iwe khala chete," anatero ba Martina. "Unatsala pang'ono kunisiya wamasiye."

"Ine ninadziwa pa switi yoyamba kuti si za Keziah."

Ba Martina anavula magalasi pang'onopang'ono. "Unadziwa?"

"Munthu wakhala zaka zonsezi osalawa shuga, angalephele kumuzindikila? Ninati Mulungu wanikumbukila. Ninadikila upite ku msika."

"Ndiye unadya bokosi lonse."

"Ninasiyako atatu, kuti usaone msanga."

Ba Martina anaimirira. Anangokoka bulangete n'kuwafunditsa mwaukali mpaka m'khosi.

Ndinayenera kutsanzika pamenepo. Dzina langa linali litabwerera, foni yanga inali itayamba kunjenjemera m'chikwama. Koma ndinayandikira bedi, Destiny akundikoka duku.

"Ba tate, nifunseko. Anali okoma kuposa anga?"

Mkuluyo anayang'ana akazi ake, kenako ine. Anali munthu woti wangochoka kumene pakhomo pa imfa, ndipo sanaone chifukwa chonamira.

"Kutali, mwana wanga," anatero. "Kutali kwambili."

"Lachisanu ubweletse owawa aja," anatero ba Martina. "Ubwele nawo wekha."

Ndinagwada pang'ono n'kutuluka. Pa benchi panalibe munthu. Ndinakwera minibasi ya ku tauni, kenako ya ku Chelstone, mwana ali pamiyendo, ndipo njira yonse sindinaganize za ankhoswe, kapena za sutukesi, kapena zoti Saul akagona kuti. Ndinkangoganiza za uchi uja, kuti mkazi ameneyo anathira wochuluka bwanji.